TANTHAUZO NDI CHIYAMBI CHA DZINA LAKUTI "MMERO": UMBONI WOCHOKERA KU MAPULAZI A MASHONALAND

1.0 Mau Oyamba

Wolankhula Chichewa akafuna kutchula chiwalo chimene chili pakati pa chibwano ndi chifuwa ali ndi maina atatu oti asankhepo: khosi, mmero ndi kholingo. Pocheza tsiku ndi tsiku mainawa amalowerana. Amene ali ndi zilonda za m'kati anganene kuti pakhosi pakumupweteka, kapena kuti kummero kukumupweteka, ndipo womvera sangamufunse kawiri. Komabe kulowerana kwa pakamwaku sikutanthauza kuti maina atatuwa anachokera kumodzi, kapena kuti amaloza chinthu chimodzi.

M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti dzina lakuti mmero linapangidwa kuchokera ku mneni wakale wa kumeza, ndi kuti tanthauzo lake lenileni ndi "njira yomezera". Tionetsanso kuti umboni womveka bwino wa mfundoyi uli m'Chishona, chilankhulo chimene Achewa a ku mapulazi a Mashonaland akhala nacho khomo ndi khomo kwa zaka zoposa 100. Potsiriza tifotokoza chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika kwa olemba mabuku a matanthauzo a mau ndi kwa omasulira uthenga wa zaumoyo.

2.0 Olankhula Chichewa m'Mapulazi a Mashonaland

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 amuna ambiri a ku Nyasaland, a kummawa kwa Northern Rhodesia ndi a m'chigawo cha Tete ankapita "ku Halale" kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ikuluikulu ya Azungu. Minda imeneyi kumeneko amaitcha mapulazi, ndipo malo ogona antchito amawatcha komboni. Ena ankayenda pansi, kuoloka Zambezi, nkulowa cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Ena ankakwera magalimoto aulere a boma amene anthu anangowatcha Ulere. Ndipo kuyambira mu 1946 ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene kwathu linadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi. M'zaka za m'ma 1950 antchito oposa theka a m'mapulazi a dzikolo anali obwera kuchokera kunja. Ambiri mwa iwo sanabwererenso kwao, ndiwo aja abale ao ankawatcha machona.

Motero m'makomboni a ku Mazowe, Shamva, Mvurwi, Banket, Trelawney, Karoi ndi Marondera munkamveka Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chishona, kuphatikizapo Chilapalapa chimene ankalankhulira mwini pulazi ndi kapitao. Chichewa ndicho chinkalumikiza obwerawo. Chinalimbanso chifukwa cha gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ndi chifukwa cha mpingo: mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anatumizidwa ku Salisbury, umene lero ndi Harare, kukatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyo inabala sinodi ya CCAP ya kumeneko mu 1965.

Pofika mu 2000 mapulazi aakulu a Zimbabwe anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo monga mmodzi mwa anai alionse anali wa makolo ochokera kunja. Kugawidwa kwa malo kumene kunayamba chaka chimenecho kunabalalitsa makomboni ambiri. Ena anatsala m'nyumba zao zakale pansi pa eni minda atsopano, ena anasamukira m'malo monga Lydiate pafupi ndi Norton. Adzukulu a machona aja akula akulankhula Chishona kusukulu ndi pabwalo, ndipo Chichewa amachimva makamaka kwa agogo ao, pamaliro, kutchalitchi ndi kudambwe. Ngakhale zili choncho, malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anachivomereza Chichewa kukhala chimodzi mwa zilankhulo 16 za boma, ndipo pa mndandanda wa m'ndime 6 ndicho chili poyamba.

Tafotokoza mbiri imeneyi chifukwa chakuti munthu wokulira m'komboni ali ndi zilankhulo ziwiri m'kamwa mwake zimene Malcolm Guthrie anaziika m'zigawo zosiyana, Chichewa m'chigawo N ndi Chishona m'chigawo S. Zimene katswiri amazipeza pofananiza mabuku, munthu ameneyu amazitchula tsiku lililonse.

3.0 Mmene Zilankhulo Ziwirizi Zimagawira Chiwalochi

M'Chichewa khosi ndi chiwalo chonse chogwiriziza mutu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kholingo ndi chichereechere cholimba cha kutsogolo kumene kumadutsa mpweya ndi kutuluka mau. Mmero ndi njira ya m'kati ya chakudya ndi chakumwa. Kumbuyo kwa mutu timati nkhongo.

Chishona chimagawa mwa mtundu wina. Mutsipa ndilo khosi. Huro ndi kutsogolo kwa khosi pamodzi ndi m'kati mwake. Gurokuro ndi mpope wa m'katimo. Ndipo gotsi ndiyo nkhongo.

3.1 Khosi ndi gotsi

Maina a gulu la Li-Ma amaonetsa mgwirizano wosaphonya pakati pa zilankhulo ziwirizi. Pamene Chichewa chimatulutsa mpweya pa lembo loyamba la dzina la chinthu chimodzi, Chishona chimalilemeretsa lembolo, koma pochulukitsa zonse ziwiri zimabwerera ku lembo lakale:

(1) khumi, makumi : gumi, makumi
phapu, mapapu : bapu, mapapu
thako, matako : dako, matako
khosi, makosi : gotsi, makotsi

Mzere wotsirizawo ukutiphunzitsa kuti khosi ndi gotsi ndi dzina limodzi. M'Chiswahili ukosi ndi kikosi amalozanso kumbuyo kwa khosi, monga momwe Chishona chikulozera kumbuyo. Koma m'Chiyao lukosi ndi m'Chibemba umukoshi ndi khosi lonse, monga m'Chichewa. Dzina lina lakale la khosi, limene likupezeka m'Chiswahili shingo, m'Chitumbuka singo ndi m'Chilingala kingo, Chichewa sichiligwiritsa ntchito. Tsono khosi linayambira kumbuyo, linazungulira kufika kutsogolo, ndipo kudzera mwa aphatikiram'mbuyo a malo linalowanso m'kati: pakhosi, kukhosi. Linafika mpaka pa za mumtima, pakuti mangawa timawatcha chakukhosi, wotulutsa madandaulo ake timati wanena za kukhosi, ndipo wokhutira amati kukhosi kwake kwayera. Mshona akamva zimenezi sangaziike pa gotsi. Kwa iye kupira gotsi ndiko kufulatira munthu, ndipo chakukhosi amachitcha chigumbu.

3.2 Huro

Dzina lakuti huro lili m'gulu la I-Zi. M'gulu limeneli pamene Chichewa chili ndi nkh-, Chishona chili ndi h- ndipo Chiyao chili ndi ng-:

(2) nkhuku : huku : nguku
nkhondo : hondo : ngondo

Motero huro wa Chishona ndi ngulo wa Chiyao ali ndi tsinde limodzi, -kulo, ndipo tsinde lomwelo ndilo labwerezedwa m'dzina lakuti gurokuro. Chofunika kuchisunga pano nchakuti dzina la tsiku ndi tsiku la Chishona silinachokere ku mneni wa kumeza. Pa maina a chiwalochi, mmero ndiye amene alibe mnzake wooneka msanga m'Chishona. Koma monga tionere, Chishona chomwecho ndicho chikutiululira kumene mmero anachokera.

4.0 Kapangidwe ka Dzina Lakuti Mmero

4.1 Zigawo zake

Dzinali lili m'gulu la Mu-Mi: mmero umodzi, mimero yambiri. Lili ndi zigawo zitatu: mphatikiram'mbuyo m-, amene kale anali mu-, muzu -mer-, ndi mphatikiram'tsogolo -o. Kapangidwe kameneka nkofala m'Chichewa popanga maina a zipangizo, a malo, kapena a zotsatira za ntchito kuchokera kwa aneni:

(3) -tsamira : mtsamiro
-tola : mtolo
-kodza : mkodzo
-sonkhana : msonkhano

Tikatsata njira yomweyi chobwerera, mmero akutifikitsa pa mneni -mera. Apa ndipo pali vuto, pakuti -mera amene tikumudziwa lero ndi wa mbeu zotuluka m'nthaka, amene anabala mmera ndi chimera. Mlimi wa fodya wozolowera kusamala mmera pa nazale angaganize msanga kuti mmero ndi mmera ndi pachibale, mwina poti khosi "limamera" pa mapewa. Maganizo amenewa ngokoma kumva, koma umboni ukuwakana. Komanso mneni wa kumeza amene tili naye lero akanabala dzina lakuti mmezo, osati mmero. Funso nlakuti: kodi r wa mu mmero ndi z wa mu -meza akukumana pati?

4.2 Msintho wochititsa wakale

Chichewa chili ndi njira ziwiri zopangira msintho wochititsa. Ya masiku onse ndi ya -itsa kapena -etsa. Koma ilipo ina yakale, yaifupi, imene siionjezera phatikizo koma imasintha lembo lotsiriza la muzu. Akatswiri ofananiza zilankhulo za Chibantu, kuyambira pa Carl Meinhof mu 1899 mpaka A.E. Meeussen mu 1967, anaonetsa kuti kusinthaku kunadza chifukwa cha lembo la liu i lofinyika kwambiri limene kale linkaphatikizidwa ku muzu. M'Chichewa l kapena r akakumana ndi lembo limeneli amasanduka z:

(4) -lira : -liza
-kula : -kuza
-kwera : -kweza
-bwera : -bweza
-dzala : -dzaza

Ngati -kweza anachokera kwa -kwera, ndiye kuti maonekedwe a -meza akuloza kwa -mera wina wakale, wotanthauza kumeza. Dzina lakuti mmero linapangidwa nthawi imene mneni ameneyo anali asanazimirire. Pambuyo pake mneni wa msintho, -meza, analanda malo a kholo lake, koma dzina linatsala ndi r wake wakale. Nzodziwika kuti maina a ziwalo za thupi amasunga maonekedwe akale nthawi yaitali kuposa aneni amene anawabala.

4.3 Umboni wa Chishona

Wina angatsutse kuti z wa mu -meza angakhale wachibadwa, wosachokera kwa r konse. Apa ndi pamene chilankhulo cha anansi a m'komboni chikutithandiza. M'Chishona msintho wakale womwewo umasandutsa r kukhala dz:

(5) -rira : -ridza
-kura : -kudza
-kwira : -kwidza
-zara : -zadza

Tikaika mndandanda (4) pambali pa mndandanda (5) tikupeza -liza ndi -ridza, -kuza ndi -kudza, -kweza ndi -kwidza, -dzaza ndi -zadza. Tsono mneni wa kumeza m'Chishona ndi -medza. Iye akugwa mu mzere womwewo popanda kumukakamiza: -meza ndi -medza akusiyana monga momwe -liza ndi -ridza akusiyanira. Chitswana chikuonjezera mboni yachitatu, pakuti kumeneko -lela amabala -letsa, -tlala amabala -tlatsa, ndipo kumeza ndi -metsa. M'Chiswahili -lia amabala -liza, -jaa amabala -jaza, ndipo kumeza ndi -meza. Zilankhulo zinai zosiyana sizingagwirizane chotero mwangozi. M'zonsezi mneni wa kumeza wavala chovala cha msintho wochititsa, ndipo pansi pa chovalacho pali muzu -mel-.

4.4 Kusiyanitsa kumeza ndi kumera

Chatsala ndi kutsimikiza kuti -mel- ameneyu si wa mbeu. Mu Comparative Bantu, buku la magawo anai limene Guthrie anatulutsa pakati pa 1967 ndi 1971, muzu wa kumeza ukuoneka m'maonekedwe oposa amodzi: m'zilankhulo zina uli ndi i, m'zina uli ndi e, ndipo m'zina lembo lake lotsiriza ndi n. Kusiyanasiyana kumeneku nkothandiza, chifukwa m'zilankhulo zimene kumeza ndi kumera sizimveka mofanana tingathe kuona kuti dzina la chiwalo likutsata uti:

(6) Chiganda: okumira, kumeza; okumera, kumera; omumiro, mmero
Chitumbuka: kumira, kumeza, kumera, kumera, chigolomiro, mmero
Chibemba: ukumina, kumeza, ukumena, kumera, umukolomino, mmero
Chitswana: go metsa, kumeza, go mela, kumera, mometso, mmero

Paliponse dzina la chiwalo likutsata mneni wa kumeza. Kumene mneniyo ali ndi i, dzina nalo lili ndi i. Kumene ali ndi n, dzina nalo lili ndi n. Chitswana chinapanga dzina lake kuchokera kwa mneni wa msintho, monga Chizulu chinachitira ndi -minza ndi umminzo. Chikikuyu cha ku Kenya ndicho chikufanana kotheratu ndi Chichewa: kumera ndi kũmera, kumeza ndi kũmeria, ndipo chiwalo chija ndi mũmero. Dzina lopezeka m'maonekedwe amodzi ku Kenya ndi ku Malawi, lokhala ndi abale ake ku Uganda ndi ku Botswana, nlakale ndithu, ndipo silinabwerekedwe kwa anansi a masiku ano.

4.5 Zotsalira za -mir- m'Chichewa

Maonekedwe ena aja okhala ndi i nawonso anasiya mapazi ao m'Chichewa. Chotupa cha pakhosi chimene chimadza chifukwa chosowa ayodini m'chakudya timachitcha chithokomiro. Chigawo chake chotsiriza, -miro, nchofanana ndi cha chigolomiro wa Chitumbuka ndi omumiro wa Chiganda, ndipo Chiswahili chili ndi kapangidwe kofananako m'dzina lakuti koromeo. Ganizo lathu nlakuti nayenso mneni -mira, wa munthu wolowa pansi pa madzi, pamodzi ndi msintho wake -miza, ndi wa banja lomweli: womira ndiye amene madzi amumeza.

Pano tiyenera kuchenjeza za mau ongofanana nkhope. M'komboni imodzi liu lakuti "mira" linkamveka patatu. Kwa Mtumbuka ndi Myao ndi kumeza. Kwa Mchewa ndi kulowa pansi pa madzi. Kwa Mshona ndi kuima kapena kudikira. Awiri oyambawo tawaika m'banja limodzi, koma wachitatuyo ndi mbale wa -ima ndi -imirira wa Chichewa, amene m'Chishona anataya i wake woyamba. Kufanana kwa malembo pakokha sikokwanira. Chimene chimatsimikiza chibale ndi mizere yobwerezabwereza yonga ya mu (1), (2), (4) ndi (5).

5.0 Kalembedwe: Mmero Kapena M'mero?

M'nyuzipepala ndi m'timabuku ta zaumoyo dzinali limapezeka m'kalembedwe kawiri, kena kokhala ndi nkhodolero. Kalembedwe kamene kanakhazikika kuyambira nthawi ya Chichewa Board, bungwe limene linayamba mu 1972 ndi kutulutsa malamulo ake mu 1973, kamagwiritsa ntchito nkhodolero poonetsa mu wa malo amene wataya u, monga m'nyumba ndi m'mudzi. Maina amene m wao woyamba ndi wa gulu, monga mmisiri ndi mmera, safuna nkhodolero.

Pali njira yapafupi yoyesera. Mu wa malo amachoka tikaikapo ku kapena pa: m'mudzi amakhala kumudzi ndi pamudzi. Koma mmero amakhala kummero ndi pammero; m uja sachoka, ndiye kuti ngwa dzina. Pochulukitsa amasanduka mi-, monga mtolo ndi mitolo. Motero dzina lenilenilo liyenera kulembedwa mmero.

Komabe nkhodolero uja sanabwere popanda chifukwa. Popeza chiwalochi nchobisika m'kati, olankhula amachimva ngati malo, ndipo ziganizo ziwiri izi zonse zimamveka:

(7) Mmero wanga watupa.
M'mero mwanga mwauma.

M'chiganizo choyamba mgwirizanitsi ngwa gulu la Mu-Mi. M'chachiwiri ngwa malo, ndipo mu wa malo wasungunukira mwa m wa dzina. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatha mu 1922 ndipo lakhala likuwerengedwa m'mipingo ya Achewa ku Mashonaland monga ku Malawi, lili ndi kagwiritsidwe kachiwirika pa Aroma 3:13. Ife tikuti kalembedwe katsate mgwirizanitsi: nkhodolero alembedwe pokhapokha pamene chiganizo chikupitirira ndi mwa, mu kapena muli. Kalembedwe kakuti kum'mero kalibe maziko, chifukwa dzina limodzi silingatenge ku ndi mu a malo nthawi imodzi m'njira yotere.

6.0 Kufunika kwa Nkhaniyi

Wina angafunse kuti phindu lake nlotani kukumba mbiri ya dzina limodzi. Yankho lathu lili m'thupi lenilenilo. Njira ya chakudya mwa munthu wamkulu ndi yaitali masentimita pafupifupi 25. Gawo lake lokhala m'khosi ndi masentimita monga 5 okha. Yotsalayo imatsika m'chifuwa, kumbuyo kwa njira ya mpweya ndi kwa mtima, mpaka kukalowa m'chifu. Dzina lakuti khosi limathera pa mapewa. Dzina lakuti mmero, popeza likutchula ntchito osati malo ooneka, limatha kutsika ndi mbamu ya nsima kufika kumene iyo ikupita. Pa maina onse amene tawaona m'chigawo 3.0, ili ndilo lokwanira bwino kutchula njira yonseyo.

Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira zake. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya njira ya chakudya ili yochuluka kuposa kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo ku Zimbabwe nakonso nthendayi ndi imodzi mwa makhansa opezeka kawirikawiri pakati pa amuna. Kale mu 1969 Neil McGlashan analemba za kuchuluka kwake m'madera a pakati pa Africa kumene anthu amamwa kachasu. Chotupacho kawirikawiri chimakhala pakati kapena kumunsi kwa njirayo, ndiko kuti m'chifuwa, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi kuvutika kumeza: poyamba nsima ndi nyama, kenaka phala, potsiriza ngakhale madzi. Tikaitcha "khansa ya pakhosi" womvera amayang'ana chotupa choonekera kunja monga chithokomiro, kapena amadikira kuti mau ake asase. Tikaitcha "khansa ya mmero" dzina lokhalo likumutsogolera ku chizindikiro choyenera, makamaka ngati waphunzitsidwa kuti mmero ndiwo womezera.

Tiyerekeze gogo wa m'komboni amene wapita ku kiliniki ndi mdzukulu wake womumasulira. Mdzukulu akufunsa kuti, "Agogo, mukumva kupweteka pati?" Gogo akuyankha kuti, "Kummeroku, mdzukulu wanga. Nsima ikumaima panjira." Ngati mwanayo sadziwa kusiyana kwa mmero ndi khosi, adzauza namwino m'Chishona kuti agogo akumva kupweteka pahuro, ndipo mau amenewo ndi omwenso amanena munthu wa chimfine. Chigawo chachiwiri cha yankho la gogo, chimene chili chofunika koposa, chingatayike panjira.

Chitsanzochi chikutifikitsa pa za tsogolo la dzinali m'mapulazi. Mau a Chichewa amene ali ndi mnzao womveka mofanana m'Chishona ali ndi pogwira: -meza amachirikizidwa ndi -medza, phapu ndi bapu, nkhuku ndi huku. Khosi ali ndi mnzake, koma mnzakeyo akuloza kumbuyo kwa mutu. Mmero alibe womuchirikiza, ndipo ntchito yake ingagwiridwe mosavuta ndi pakhosi kapena pahuro. Mwa maina atatu aja, iye ndiye ali poterera kwambiri pakamwa pa mbadwo umene Chishona chili chilankhulo chake choyamba. Koma njira yomupulumutsira ili pafupi. Mwana wodziwa kale kuti -ridza anachokera kwa -rira sangavutike kuona kuti -medza, -meza ndi mmero ndi a nyumba imodzi.

7.0 Mau Otsiriza

Taona kuti khosi ndi dzina la malo, limene linayambira kumbuyo kwa mutu, kumene gotsi wa Chishona adakali, nkufalikira chiwalo chonse. Taonanso kuti mmero ndi dzina la ntchito, lopangidwa ndi m-, -mer- ndi -o kuchokera kwa mneni wakale wa kumeza, ndi kuti z wa mu -meza ndi dz wa mu -medza ndi zipsera za msintho wochititsa pa muzu womwewo. Mmera wa kumunda alibe nawo gawo m'banjali.

Pa chifukwa chimenechi tikupempha zinthu zitatu kwa anzathu a pa msonkhano uno. Choyamba, olemba mabuku a matanthauzo a mau, amene akupitiriza ntchito yoyambidwa ndi David Clement Scott mu 1892 ndi kukuzidwa ndi Centre for Language Studies mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, alozetse mmero kwa -meza ndi chithokomiro, ndipo asangomumasulira kuti khosi. Chachiwiri, omasulira za umoyo asunge mmero kuti akhale dzina la njira ya chakudya, kholingo la njira ya mpweya ndi mau, ndi khosi la chiwalo chonse. Anzathu a Chishona anatsogola kale pa ntchito yotere ndi Duramazwi reUrapi neUtano la mu 2004, ndipo bukulo lingakhale poyambira pabwino pokonza mndandanda wa maina a ziwalo m'zilankhulo ziwirizi. Chachitatu, okonza mabuku a Chichewa a ana a ku Zimbabwe, popeza malamulo a mu 2013 anatsegula khomo limeneli, asaope kuika Chishona pambali pa Chichewa pa tsamba limodzi. Agogo amene anaoloka Zambezi akutha mmodzimmodzi, ndipo ntchito yolemba maina a ziwalo monga momwe iwo amawatchulira iyenera kuchitika iwo adakali moyo.